Lestina Anabereka Dengu ku Holland

Inu amene mukuti moyo wakukanani, tamvani za Lestina wa kwa Khwethemule.

Tsiku lina Lestina anali chagada pansi pa masitepe, m'nyumba ya eni ku Holland, zovala zili mbwee, bondo likuchucha magazi. Kanali kachitatu kugwa m'sabata ziwiri.

Lestina anakulira kuthyola tiyi ku esiteti ku Thyolo. Kenako anaphunzira kusamalira odwala pa mishoni, mpaka mwayi unamugwera wokasamalira gogo wina wachizungu. Zoti ankathyola tiyi sankafuna kuti munthu adziwe kumeneko. Zinkamuchititsa manyazi.

Koma masitepe akewo, abale! Dziko lopanda ndi chulu chomwe, eni ake anatenga phiri n'kulilowetsa m'nyumba. Opanikiza, okhotakhota, popondapo posakwana phazi. Ndiye gogoyo amagona pamwamba, makina ochapira ali pansi. Nzeru zanji zimenezi? Lestina akanyamula dengu la zovala m'manja, samaona poponda. Atasenza pamutu ngati kwathu, dengu linagunda denga, iye n'kutsetsereka nalo.

Olivia, mwana wa gogoyo, sanabise mawu. "Ukadzagwa utagwira mayi anga, ndidzatani? Pofika Lachisanu ukhale utawazolowera masitepewa. Apo ayi, tipeza wina."

Lestina anaimbira foni mkulu wake Marita, yemwe mpaka lero akuthyolabe tiyi.

"Achemwali, ndikubwerako ine. Nyumba zakuno anamangira anyani."

"Iwe usandinyanse," anatero Marita. "Mtsetse wa ku esiteti uja, mvula ikugwa, dengu lili tho ndi tiyi, unkatsika utasenza pamutu?"

"Ayi, ndinkabereka kumsana."

"Ndiye popita ku Ulayako msana unausiya kuno?"

Lestina anapsa mtima, foni n'kudula. Koma mawuwo anamukhala. Anatulutsa chitenje, n'kubereka dengu lija. Anavula masilipasi. Manja onse awiri anagwira chitsulo cha m'mbali, mapazi akuponda cham'mbali monga ankachitira pa dothi loterera la kwawo. Anakwera, anatsika, anakweranso, akuwatukwana masitepewo m'Chilomwe. Miyendo inawawa masiku anayi, koma sanagwenso.

Lachisanu Olivia atafika anapeza dengu likutsika pamsana pa munthu, osagwedezeka. Pambuyo pake Lestina anakweranso, n'kutsitsa gogoyo sitepe imodziimodzi, iye ali kumunsi akubwerera chafutambuyo. Gogoyo anali atatha mwezi osaponda pansi.

"Unaziphunzira kuti zimenezi?" anafunsa Olivia.

Lestina anayankha mokweza, koyamba chifikireni m'dziko lija: "Ine ndine wothyola tiyi."

Ntchito sinamuthere. Masitepe aja akadali oipa, ndipo Lestina amawanyoza m'mawa uliwonse, koma amawakwera.

Nanunso, musanyoze kumene munachokera. Chimene mukuchibisa lerocho mwina n'chimene chikukwezeni. Mwagwa katatu? Dzukani, mangani chitenje. Osataya mtima.