Tizidole ta Pansi pa Pilo

Mwana wanga wamkazi atandiuza kuti akupita ku Guatemala ndi anzake a kuyunivesite, ndinamufunsa ngati mapiri a kuno ku Scotland atha. Anangoseka. Anakulira ku Maryhill ameneyu, ndipo ukamulankhula Chichewa amakuyankha m'Chingerezi cha ku Glasgow chomeza mawu chija.

Zithunzi zimene ankatumiza zinandisowetsa mtendere. Nyanja yozunguliridwa ndi mapiri, lina likufuka utsi, iye ali mwee kutsogolo kwake. Msika wa anthu a mtundu wa Maya, nsalu zoluka pamanja zoti ngakhale ine ndinasirira. Koma chithunzi china chinali cha pakhomo la tchalitchi: bambo akufukiza lubani, maluwa ali mbwee, makandulo ayalidwa pansi, wina wakupatira nkhuku. Ine ndinabadwira ku Mulanje, za nsembe sindichita kuuzidwa. Tchalitchi chanji cholowa ndi nkhuku yamoyo?

Anabwerako wofatsa modabwitsa. Chakudya ankangochitola, kenako n'kukadzitsekera kuchipinda.

Loweruka lina m'mawa, iye atapita kushopu, ndinalowa kuti ndichotse zofunda ndichape. Pansi pa pilo ndinapeza kathumba kofiira komanga ndi ulusi. Nditamasula munatuluka tianthu, tochepa kuposa chala, tovekedwa tinsanza, nkhope zojambula ndi inki. Chithumwa m'nyumba mwanga, pamutu pa mwana wanga! Ndinatitola ndi supuni n'kutiponya m'jumbo, ndipo ndinaimbira mayi amene amatsogolera gulu lathu la mapemphero. Sanayankhe. Ndinavala jekete kuti ndikatitaye m'ngalande ya kuseri kwa mafulati athu.

Tinakumana pamasitepe, iye atanyamula mkaka. Anayang'ana jumbo ija, n'kundiyang'ana ine. Tsiku limenelo analankhula Chichewa, ndipo zimenezo zinandiopsa kwambiri.

“Amayi, tizidole tanga mukupita nato kuti?”

“Anakupatsa ndani? Anakutemera mphini? Usandibisire!”

“Ndinagula pamsika, amagulitsa kwa aliyense. Ana a kumeneko amauza kachidole nkhawa yawo, n'kukaika pansi pa pilo kuti agone bwino. Basi.”

Ndinapuma pang'ono, manyazi akundigwira. Kenaka mantha anabweranso, oposa oyamba aja, chifukwa munthu sagula mankhwala a tulo ngati akugona.

“Nkhawa yanji yoti uziuza nsanza, mayi ako ndili moyo?”

“Nsanzazo sizikatula nkhani zanga ku mapemphero,” anatero motsitsa mawu. “Inu ndikakuuzani Lachiwiri, pofika Lamulungu azimayi onse akundigwira mapewa.”

Ndinafuna kukalipa, koma anakhala pansi pa sitepe yozizira ija, mkaka uli pamiyendo. Anati ali kumapiri konko, akusamba, anamva kachotupa kubere lamanzere. Sanauze anzake. Atabwerera anaonana ndi dokotala, ndipo Lolemba amuitana kuchipatala chachikulu cha ku Govan kuti akamuyeze. Ndinkangoona pakamwa pake pakuyenda. Mayi anga anapita ndi khansa ya m'mawere, ndipo iye ankadziwa.

“Mundiperekeza? Koma inu nokha, Amayi. Musauze munthu.”

Nthawi yomweyo foni inalira m'thumba la jekete, ndipo ndinaitulutsa. Anali mayi wa mapemphero uja. Mwana wanga anaona dzina pafonipo, maso ali pa chala changa. Ndinakhala naye pa sitepepo mpaka foniyo inasiya yokha kulira.