Ponda Pamene Yaponda Ng'ombe

Linali Lachinayi m'mawa, ndipo ndinali kudimba ndi bambo anga tikukumba kachewere. Ndinali ndi zaka khumi ndi zitatu. Kwathu ku Angonia kumazizira, choncho ndinavala juzi ya bambo yofika m'mawondo. Tinali titadzaza dengu limodzi pamene mfuti inalira cha kusukulu. Inaliranso. Kenako zinayamba kulira zambiri ngati chimanga chokazinga m'phale. Bambo anasiya khasu lili chiimire m'nthaka n'kundigwira dzanja.

Kunyumba tinapeza amayi atakhala pamphasa. Anali m'chikuta. Khanda lawo, mwana wamkazi, linali ndi masiku anayi, mchombo usanagwe, dzina lisanapatsidwe. Pakhomo panaima agogo, bambo awo a amayi, amene anachokera ku Ntcheu kudzaona mdzukulu. Anali atamanga kale zingwe za nsapato.

Agogowa anthu ankawatcha Kopolo. Ali mnyamata anatengedwa kukamenya nkhondo yachiwiri ya dziko lonse mpaka ku Burma, ndipo anabwerako ndi khutu limodzi logontha komanso mtima wapachala. Za kumeneko sankasimba. Ife ana tinkawaseka kumbali chifukwa ankayenda maso ali pansi ngati munthu wotaya singano.

Mwezi watha mwana wanga Tadala anabwera kuchokera kusukulu kuno ku Bilston, kudziko la Angerezi, ndi pepala la nkhondo zikuluzikulu za nthawi imeneyo, mapu odzaza mivi yofiira. Ndinamulozera Burma n'kumuuza kuti agogo anga anali momwemo. Anandiyankha m'Chingerezi, monga achitira ana athu kuno, kuti ndimulembere nkhani yawo. Za ku Burma sindizidziwa. Ndikudziwa tsiku limodzi lokha limene nzeru zimene anatola kumeneko zinatipulumutsa, ndipo ndi limene ndikulemba.

Tsikulo tinayenera kuthawa nkhondo ya kwathu. Msewu wa tala, umene uli malire ndi Malawi, unali ulendo wa maola atatu wapansi. Njira yaikulu inali ndi asilikali. Inatsala ya m'dambo, ndipo aliyense ankadziwa kuti m'dambomo munali mabomba okwirira. Mayi wina anali atadukiramo mwendo chaka chomwecho akumweta udzu.

Agogo sanafunse munthu. Anatsegula khola lathu n'kutulutsa ng'ombe zonse zisanu ndi zinayi.

"Ng'ombe patsogolo, anthu pambuyo, mzere umodzi," anatero. "Uponde pamene yaponda ng'ombe. Pena paliponse si pako."

Imodzi mwa ng'ombezo sinali ng'ombe wamba. Inali nkhunzi yakuda ya mizimu. Atamwalira atate awo a bambo, a Ngozo, nkhunziyo inapatulidwa m'dzina lawo monga timachitira Angoni. Sinkalima, sinkakoka ngolo, sinkagulitsidwa. Kuimenya kunali kumenya kholo lako. Bambo ankaitchula kuti a Ngozo, ndipo akafuna kuti isunthe ankaima kutsogolo kwake, kuiwombera m'manja n'kuipempha. Nayonso inkaudziwa ulemu wake. Inanenepa, ndipo inali yaliuma kuposa munthu aliyense amene ndakumana naye, ngakhale kuchipatala kumene ndimagwira ntchito.

Tinalowa m'dambo dzuwa likukwera. Agogo anali pambuyo pa ng'ombe, kenako ine, kenako amayi atamanga khanda pachifuwa, bambo kumapeto. Agogo ankawongolera ng'ombe ndi mluzu ndi zibuma. Chiboda chikachoka m'matope pankatsala kadzenje kogawika pakati, madzi n'kuyamba kudzazamo. Ndinkaika phazi langa m'kadzenjeko madzi asanadzaze. Sindinaone thambo m'mawa wonsewo.

Amayi ankayenda pang'onopang'ono. Chitenje chawo chinanyowa magazi kumbuyo, koma sanadandaule. Khanda likayamba kulira ankaliyamwitsa akuyenda.

Dzuwa lili pamutu, bomba linaphulika. Inali ng'ombe yathu ya mkaka, imene inkatsogolera. Matope anatigwera m'mutu. Makutu anga analira.

"Imani pomwepo! Asasunthe munthu!" anakuwa agogo.

Tinaima. Ng'ombe zinabalalika pang'ono, koma agogo anaziimbira mluzu mpaka zinabwerera pamodzi. Yokhayo nkhunzi yakuda inapatukira kumanzere, n'kukaima m'bango ngati masitepe makumi awiri kuchokera pamzere. Inayamba kudya msipu ngati palibe chachitika.

Agogo anatola chibuma chachikulu. Chikanaimenya m'nthiti n'kuibweza, ndipo nkhani ikanathera pomwepo.

"Musatero, apongozi," anatero bambo. "Ndi atate amenewo."

"Basi isiyeni. Itsatira yokha."

"Sindingawasiye m'thengo."

Bambo akanatsata mapazi a nkhunziyo akanafika kumchira kwake bwinobwino. Koma kholo sulipirikitsa chakumbuyo ngati bulu. Umaima pamaso pake. Choncho anachoka pamzere n'kuyamba kuzungulira m'udzu umene sunapondedwe, manja atawakonza kale kuti awombe.

"Filipo!"

Aka kanali koyamba kumva agogo akutchula mkamwini wawo dzina. Bambo anacheuka ndi kudabwa, kenako anapondanso kamodzi.

Sindilemba zimene ndinaona. Ndine namwino, ndipo ndikudziwa tsopano kuti sanamve ululu nthawi yaitali.

Amayi anakuwa n'kutukula phazi kuti athamangire komweko. Agogo anandidumpha, sindikudziwa bwanji, n'kuwagwira pamkono mwamphamvu moti zala zawo zinasiya zipsera sabata yathunthu.

"Uli ndi ana awiri," anatero. "Maso pansi."

Kenako anandipatsa ndodo yawo n'kundiuza kuti ndiyendetse ng'ombe, chifukwa iwo sakanatha kuwataya amayi. Ndinawada agogo nthawi imeneyo. Ndinawada ndi mtima wanga wonse, koma ndinaimba mluzu, ng'ombe n'kuyamba kuyenda. Ndinatsogolera anthu atatu m'dambo lija ndili ndi zaka khumi ndi zitatu, ndipo sindinaphonye phazi ngakhale limodzi. Chimenechi ndimachinena mosachita manyazi.

Ng'ombe ina inaphulika tili pafupi kutuluka. Nthawi iyi sindinadikire kuuzidwa. Ndinaima, ndinaimba mluzu, tinapitirira.

Tala anali wotentha kumapazi. Basi ya ku Blantyre inadutsa, anthu akutiyang'ana pawindo. Tsidya lina amayi ena ankagulitsa kabichi ndi matimati. Mmodzi atatiwona anasiya malonda ake, anayala chitenje pansi pa mtengo n'kugoneka amayi. Wina anabwera ndi madzi m'chikho. Agogo anakhala pamwala n'kuyamba kumasula nsapato, koma zingwe zinawakanika moti ndinawamasulira ndine. Pamenepo chidani changa chinatha.

Amayi anakana kuchoka pamsewupo. Anakhala atayang'ana kudambo mpaka dzuwa linapendeka.

Ndiye inatulukira. Nkhunzi yakuda ija, yokha, yopanda ndi bala lomwe. Inawoloka tala mosafulumira n'kudzaima pakati pa zinzake. Amayi anadzuka, anandipatsa khanda, n'kukagwada kutsogolo kwake. Anawomba m'manja katatu, monga ankachitira bambo.

"A Ngozo," anatero, "mwana wanu mwamusiya kuti?"

Nkhunziyo inangobzikula.

Tinawoloka anayi. Agogo anakhala nafe zaka zina zisanu ndi chimodzi. Amayi alipo, ali ku Ntcheu. Khanda lija mchombo unagwa tili kale ku Malawi, ndipo amayi analitcha Ndaziona. Lero Ndaziona amasamalira okalamba ku Oldbury, kufupi ndi kuno, ndipo Lamlungu timakhala benchi imodzi kutchalitchi. Bambo sitinawaike. Ali m'dambo momwemo, masitepe makumi awiri kumanzere kwa njira ya ng'ombe.