Ezeliya ndi Dona Wokhala Pakhonde

Ezeliya anabadwira m'mudzi wina kumadzulo kwa Nsaru. Anakwatiwa akadali wamng'ono ndi Jailosi, mnyamata wanthabwala, amene anakwera galimoto ya Wenela kupita kumigodi ya ku Joni mwana wawo asanayambe kukwawa. Sanamvekenso. Chaka chotsatira mwanayo anamwalira ndi chikuku. Pamaliro amayi a m'mudzi anadabwa kuona Ezeliya atangokhala duu, osagwetsa msozi ngakhale umodzi. Ena anati ndi wouma mtima. Mwini wakeyo nayenso sankadziwa kumene misozi yake inalowera.

Mu 1951 anamva kuti pa esiteti ina ya fodya kufupi ndi Namitete akufuna munthu wochapa. Anamanga kamtolo kake n'kupita.

Mwini esitetiyo anthu ankamutcha Bwana Kalonga. Bambo Moses, amene ankaphika m'nyumbamo, ndiwo anafotokozera Ezeliya za mabwana ake atsopanowo.

"Bwanayu ndi mwana wa mfumu yaikulu ya dziko lina ku Ulaya," anatero uku akusenda mbatata. "Nkhondo itatha, anthu akwawo anachotsa banja lawo pampando. Adonawa ndi a ku Mangalande, mwana wa nduna yolemera, ya minda yosayendeka tsiku limodzi. Ati pa ukwati wawo mabelu analira mzinda wonse."

Ezeliya anasuzumira pakhonde. Anaona mzimayi wamtali, woonda, wa tsitsi longa ndevu za chimanga, atakhala pampando wansungwi moyang'ana zigafa za fodya. Tiyi amene anali pambali pake anali atazizira kale.

Umo ndi momwe ankakhalira masiku onse. Bwana ankadzuka n'kukwera kavalo wake, kubwera madzulo akununkha mowa. Patebulo awiriwo ankadya mwaulemu, osakangana, osasekanso. Ezeliya ankachapa, kusita ndi simbi yamakala, ndipo mwezi uliwonse ankatulutsa padzuwa madiresi a m'mabokosi achitsulo kuti njenjete zisawadye. Anali madiresi osalala ngati madzi. Dona sankawavala, ndipo pomaliza anauza bambo Moses kuti akawapereke kwa amayi a kutchalitchi asokere ana.

Tsiku lina Ezeliya akukolopa khonde, Dona anamufunsa m'Chinyanja chake chothyokathyoka: "Iwe, mwana uli naye?"

"Anamwalira, Adona."

"Umalira?"

"Ayi."

Dona anagwedeza mutu. "Wanga ali moyo. Anamutenga azigogo ake atangosiya kuyamwa. Amati ndiye adzakhale mfumu akadzabwerera kwawo, choncho aleredwe ndi iwo." Anayang'ananso kuzigafa. "Poyamba ndinkalira. Kenaka zinangosiya zokha."

Ezeliya anafinya chikolopa n'kupitiriza ntchito. Kuyambira tsikulo, akamaliza kusita ankabwera kudzakhala pansi pakhondepo, akusoka kapena kutongola mtedza. Sankalankhulana. Dzuwa likapendeka aliyense ankanyamuka.

Mu 1956 kavalo anaponda m'dzenje kudambo, Bwana Kalonga n'kuthyoka khosi. Antchito anamubweretsa atamunyamula pachitseko. Dona anatuluka, anamuyang'ana, anamufunditsa bulangete, kenaka anauza bambo Moses kuti awiritse madzi.

Abale a Bwana anabwera pandege kudzatenga mtembo, chifukwa munthu wa magazi achifumu sakanaikidwa m'munda wa fodya. Anali amuna awiri okalamba ovala zakuda, ndi mnyamata wamtali wa tindevu tongomera kumene. Ezeliya atamuona mphuno anadziwa kuti ndi mwana uja. Mnyamatayo anafika pamaso pa amayi ake, anagunditsa zidendene, anawerama n'kuwapsompsona padzanja monga achitira kwa mlendo wolemekezeka. Dona anamufunsa za ulendo. Iye anati unali wabwino. Ankatchula mawu a Chingelezi movutikira, ngati munthu wochita kuphunzira kusukulu.

Pokambirana za maliro, akuluakulu aja sanamufunse Dona kanthu. Anamuuza tsiku ndi malo basi. Iye anati sapita nawo, ndipo palibe anamukakamiza. Galimoto itazimiririka m'fumbi la msewu wa ku Lilongwe, anabwerera pampando wake.

"Wakula," anatero.

"Wakuladi, Adona," anayankha Ezeliya.

Dona anayesa kuyendetsa yekha esiteti, koma fodya anali atalephera kale zaka zingapo. Mu 1958 malowo anagulidwa ndi mzungu wina, ndipo mlongo wake wa Dona anavomera kumusungira chipinda kunyumba ya makolo awo. Ezeliya sanadabwe nazo. Ngakhale kwawo, mkazi wa chitengwa mwamuna akafa amabwerera kwa abale ake.

M'mawa wa tsiku lonyamuka Dona anaima pamasitepe, atavala chipewa. Anatambasula dzanja.

"Tsalani bwino, mayi Ezeliya."

Aka kanali koyamba kumupatsa ulemu wotero. Ezeliya anagwira dzanjalo ndi manja awiri. Linali lozizira, lopepuka.

"Pitani bwino."

Ezeliya nayenso anabwerera ku Nsaru. Atsibweni ake anamudulira kamunda m'mphepete mwa dambo, ndipo analima mtedza mpaka msana unapindika. Za Dona sanamvenso, kaya anafika bwino, kaya anakhala zaka zingati. Anthu akamufunsa kuti kodi kukhala ndi mkazi wa kuchifumu kunali bwanji, ankaganiza pang'ono n'kunena kuti, "Anali munthu wosavuta. Ankangokhala."