Ufumu wa a Faki osoka nsapato

Mukangotsika kombi pamashopu a Huruyadzo, wina akunong'onezani kuti a Faki, aja osoka nsapato pakhonde la butchala, anadzilonga ufumu. Ati ali ndi chikopa cha kambuku pansi pa bedi, ati akufuna Amalawi onse a m'komboni ya St Mary's aziwaombera m'manja atagwada. Bodza lenileni. Pansi pa bedi lawo pali nsapato za anthu amene anathawira ku Joni osadzazitenga.

Zoti amadana ndi mavoti, izo zokha n'zoona. "Mfumu imachita kubadwa," ankatero, misomali ili pakamwa. "Iyi yosankha ngati kabichi pamsikayi, mawa yafota." Koma eni mawuwo anabadwira pafamu ya fodya konkuno. Ku Malawi anapitako kamodzi, n'kubwerako ndi malungo. Mfumu yeniyeni sanakhalepo nayo, ndipo kuvota kumene ankanyozako sankaloledwa n'komwe, poti chitupa chawo chinkati ndi mlendo.

Mphekeserayi inayamba mu 2008. Ana awo awiri, Jamali ndi mng'ono wake Shafiq, analowa zipani zosiyana mpaka kuleka kupatsana moni. Nthawi yomweyo mayi awo, a Kulthum, anali gone, mankhwala osapezeka. A Faki ankawamwetsa phala ndi kasupuni, n'kumawanamiza kuti anyamata afunsa za iwo limodzi. Mumtima ankaopa chinthu chimodzi: kuti mkazi wawo adzapita kumanda ataperekezedwa ndi mwana mmodzi yekha.

Ndiye tcheyamani wa bungwe la maliro la Amalawi anamwalira, anthu n'kugwirizana zovota. Gulu lina linaimika Jamali, lina Shafiq. A Faki anaoneratu mathero ake: wogonja atuluka ndi anthu ake, osadzabweranso ngakhale pamaliro. Tsiku la voti anadzuka pang'onopang'ono, n'kukakhala pampando wa tcheyamani uja.

"Palibe zokweza manja pano. Wamkulu ndine."

"Nhai mudhara, inu madala, wakusankhani ndani?" anafunsa Zebron, kondakitala wa kombi.

"Imvi izi. Zako zikamera udzabwere."

Anthu anaseka, ena anang'ung'udza. Koma ndani akanakoka nkhalamba pampando, atavala nsapato zosokedwa ndi nkhalamba yomweyo? Voti inafera pomwepo.

A Kulthum anatisiya mvula isanagwe. Dizilo kunalibe, choncho jeneza, chonyamulira maliro cha Asilamu chija, linayenera kupita kumanda pamapewa. Mwambo wake amuna amalandizana m'njira, aliyense apezeko dalitso. Tsiku limenelo mfumu yodziika yokha inalamula zina.

"Jamali kutsogolo kumanja, Shafiq kumanzere. Kumbuyoko muzilandizana. Awiriwa asawalandire munthu."

Tsono Jamali ndi wamtali ngati mlongoti wa magetsi, pomwe Shafiq anatengera kufupika kwa mayi ake. Jeneza linapendekeka. Anayenda choncho kudutsa nyumba zingapo, aliyense atalimbitsa khosi, maso kutsogolo. A Faki ankatsatira pambuyo.

Kenaka Shafiq analephera kupirira. "Mukoma," anatero motsitsa, "tsitsani phewa. Amayi akutsetsereka."

Jamali anapinda msana. Anayenda chowerama mpaka kumanda, thukuta lili kamukamu, mng'ono wake akumuuza pamene pali dzenje. Onse awiri anatsikira m'manda kukalandira mayi awo, ndipo potuluka, wamtali anakoka wamfupi padzanja.

Zipani zawo sanasiye, musaganize. Amakanganabe mpaka agalu a anansi kuuwa. Koma amakanganira pakhonde la bambo awo, tiyi ali pakati.

Tsiku lina Modester, wogulitsa tomato pafupi ndi butchala, anafika ndi nsapato yoduka lamba, n'kugwada monyogodola.

"Zikomo mfumu! Chikopa cha kambuku chija muvala liti?"

A Faki sanadzutse n'komwe mutu.

"Anthu anga ndi awiri basi, ndipo dzulo anadyera mbale imodzi. Enanu kavoteni. Bweretsa nsapatoyo."