Zikhadabo Zodera za Mayi wa ku Lewisham

Nditangoyamba ntchito kunyumba yosamalira okalamba ku Lewisham, anandipatsa mayi wina wachizungu amene miyendo yake inkangochucha madzi. Zilonda zake zinali zitakana mafuta onse opaka, choncho adokotala analamula kuti tiziviika miyendoyo m'madzi a pamanganeti.

Mankhwalawa sanali achilendo kwa ine. Kwathu ku Zomba mayi anga ankagwetsera timibulu take m'beseni, madzi n'kusanduka apepo, ife n'kupondamo matope a dzinja akatidya pakati pa zala. Nesi wamkulu, Mmalawi mnzanga wa ku Mzimba, ndi amene anandiuza mmene amagwirira ntchito: amatentha tizilombo ndi mpweya umene ali nawo, monga dzimbiri limadyera chitsulo.

"Koma mwanawe, sasankha," anatero. "Thaulo, khungu, chilichonse amachidetsa. Uzisungunula kwambiri."

Ndinkatero m'mawa uliwonse, nditagwada, mayiyo akundisimbira za magule a utsikana wake. Zilonda zinayamba kuuma, fungo linatha. Zikhadabo zokha ndi zimene zinadera ngati tiyi wopanda mkaka.

Lamlungu lina kunabwera mwana wake wamkazi wochokera ku Romford. Atavundukula bulangete anakuwa.

"Mayi anga simukuwasambitsa! Taonani litsiroli!"

Ndinamuuza kuti si litsiro, ndi mankhwala. Ndinamuonetsa beseni lothimbirira, ndi dzanja langa lodera pamene golovesi inabooka. Sanayang'ane n'komwe. Ankayankhula pang'onopang'ono, mokweza, ngati ndine wogontha. Mayi akewo anayesa kunena kuti miyendo yasiya kuwawa, koma iye anangowasisita paphewa n'kupita kwa manijala.

Manijala ankadziwa zoona zake. Nesi uja anafotokozanso, mpaka mawu anasasa. Komabe mawa lake manijalayo anandiitana.

"Sunalakwe ayi," anatero manijalayo akuyang'ana pawindo. "Koma banjalo likufuna munthu wina. Uzikagwira ntchito kuchipinda cham'mwamba."

"Ngati sindinalakwe, ndikuchokeranji?"

Anangoti ndimvetse.

M'basi pobwerera kunyumba ku Woolwich ndinakukuta mano njira yonse. Sindinalire, ndinangotupa mtima. Mtsikana amene analowa m'malo mwanga anachita mantha ndi nkhaniyo, moti ankangonyowetsa miyendoyo pang'ono n'kupukuta msanga, ndipo zilonda zinayambiranso kuchucha. Ndikamadutsa ndi thireyi pakhomo pa mayi uja, iye ankandikodola, ine n'kungobayibitsa, chifukwa sindinkaloledwa kulowa.