Mayi Amene Anali Pamphasa

Nditamaliza sukulu ya unamwino ndinakhala kwathu ku Kasisi chaka chathunthu, ndikutola thonje ngati sindinaphunzire. Mnzanga wina ndiye ananditsina khutu kuti chipatala china cha kumunsi kuno chikufuna anamwino. Ndinapita, anandilemba, n'kundiika m'wodi ya amuna.

Sisitala wamkulu, mayi Thomu, anandiuza tsiku loyamba lomwelo: "Kuno manja ndi ochepa, mwanawe. Achibale ndiwo manja athu."

Zinalidi choncho. Ife timagawa mankhwala, kuika kanyula wolowetsera mankhwala mumtsempha, kusintha dilipi ndi kuyeza kuthamanga kwa magazi. Kusambitsa, kudyetsa ndi kutembenuza wodwala timasiyira wachibale amene wayala mphasa pambali pa bedi. Ukaona mphasa, mtima umakhala m'malo.

Bambo Zuze anachokera kutsidya kwa Marka atafa ziwalo mbali imodzi, osayankhula. Munthu wotere amafunika kutembenuzidwa maola awiri alionse kuti asachite zilonda. Sabata imeneyo namwino mnzanga wa m'wodimo ankaperekeza odwala pa ambulansi, ine n'kutsala ndekha ndi wodi yodzaza mpaka pansi, kutentha kwa Okutobala kuli tholo. Ndikadutsa ndi thireyi ya mankhwala ndinkaona mayi atakhala pamphasa pakati pa bedi la a Zuze ndi lina. Ndinkangochonga papepala kuti atembenuzidwa. Sindinafunse, sindinavundukule bulangete. Masiku anayi.

Lachisanu masana mayi Thomu anaima pabedipo, n'kukweza bulangete. Fungo lokha linandiuza. Pamwamba pa matako panali chilonda chakuda, cholowa nkhonya.

"Amayi, simumawatembenuza bwanji amuna anu?" ndinafunsa mwaukali, kufuna pogwetsera mlandu.

"Anga ndi awa," anatero, akuloza bedi linalo. "Akazi a bambo Zuzewa anathamangira kumudzi, mwana wadwala, anati ndiziwaonako. Phala ndimawamwetsa. Koma mwamuna wa eni ndingamugwire bwanji m'chiuno, anesi?"

Mayi Thomu anatenga pepala lija, n'kuyang'ana mizere yanga yochonga bwinobwino. Sanakalipe. Anangoti, "Katengeni magolovesi, gozi wotsukira chilonda ndi madzi a mchere."

Ndinatsuka chilondacho tsiku ndi tsiku, koma chinali chitalowa kale m'magazi. Akazi a bambo Zuze anabwerera atasenza mbatata, n'kundipeza nditawerama pa amuna awo. Anagwada, nandipatsa mbatatayo akuthokoza m'chiyankhulo cha kwawo. "Takhuta, mwananga. Mulungu akuoneni." Ndinalandira ndi manja awiri. A Zuze anamwalira sabata yotsatira.

Ndikhoza kunena kuti tinali ochepa, ndipo ndi zoona. Koma kuchepa kwa anamwino sikunagwire cholembera. Ndinachigwira ndine, ndipo mpaka lero zimandidya mumtima.

Tsopano anamwino atsopano amandinena kuti ndimachedwetsa ntchito, chifukwa pabedi lililonse ndimafunsa wapamphasa kuti, "Inu ndi ndani wawo?" Kenako ndimakweza bulangete ndekha. Ndimawasiya anene. Mayi Zuze anabwerera kwawo akundithokoza, ndipo sindinawauze.