Mlongo wanga pa njinga ya eni

Mlongo wanga wamkulu sanakwerepo njinga ali moyo. Anakwera atamwalira, ndipo umboni ndili nawo pakhoma.

Chinali chaka changa chomaliza pa sukulu ya mishoni kufupi ndi Kambombo, m'zaka za m'ma 1950. Pa luso la manja tinkangojambula zilembo pa matabwa, ndipo ine ndinali katswiri. S wanga anapindika bwino moti mayi wina anamuyesa njoka n'kumuphwanya ndi musi. Sindikuwonjezera, zidutswa za thabwalo tinawotchera chimanga.

Ndiye aphunzitsi athu anabwera kuchokera ku maphunziro ndi kamera, kabokosi kakuda ka diso limodzi. Anati ntchito ya chaka chimenecho ndi yakuti aliyense ajambule chinthu cha kumudzi kwawo, kamodzi kokha, poti filimu inali imodzi ya kalasi yonse. Dzuwa likhale kumsana kwako, wojambulidwa asagwedezeke. Pambali panali kachitsulo kopotokola kuti filimu isunthe, mnzako apeze malo oyera. Kameneko anatiletsa kukhudza. Ukajambula, kamera ibwerere kwa iwo, apotokole okha, kenako ipite kwa wina. Inkayenda mudzi ndi mudzi itakulungidwa m'nsalu ngati khanda.

Ine ndinasankha mlongo wanga. Anavala diresi yake ya kutchalitchi n'kuima pafupi ndi nkhokwe, lichero m'manja.

"Iwe," anatero, "ukanditulutsa ndi mphuno ya adada, usadzadyenso nsima yanga."

"Musapume," ndinatero.

Sanapume. Anaima nji mpaka nkhuku inaikira dzira pamapazi pake. Dziralo tinadya, mukhoza kufunsa.

Tsiku lomwelo mvula inagwa kumapiri, mtsinje wa pakati pa ife ndi sukulu unadzaza. Kamera sikanatha kuwoloka. Mnzanga wa m'kalasi, wa tsidya lathu lomwelo, ndiye anali wotsatira, choncho anangoitenga kwa ine n'kukajambula njinga ya bambo ake, chuma chokhacho cha mudzi wawo. Kachitsulo kaja sitinakakhudze. Tinali ana omvera.

Filimu inapita ku Lundazi pamutu pa munthu, kenako pa lole mpaka ku Fort Jameson kukatsukidwa. Ili m'njira, mlongo wanga anadwala mutu ndi kutentha thupi, ndipo chimanga chisanakhwime tinamuika. Tinameta maliro, mphasa yake inachotsedwa, akuluakulu anati mzimu wagona. Amama anasiya kumutchula. Ankangoika mbale yowonjezera n'kuibweza mwakachetechete.

Zithunzi zinafika titakolola. Aphunzitsi anatiitana awiri, ine ndi mnzanga uja, natipatsa chimodzi. Mlongo wanga analimo, koma wopyapyala ngati utsi, nkhokwe ikuonekera pachifuwa pake. Pansi pake panali njinga. Manja amene anagwira lichero anagwera ndendende pa chiwongolero, ndipo diresi inatsikira m'masipoko. Mphuno inatuluka yake yeniyeni.

Aphunzitsi anafotokoza kuti tinajambula kawiri pamalo amodzi, natigawira malikisi pakati. Kenako anatsitsa mawu n'kundiuza kuti ndisakaonetse kunyumba. Koma ku chigwa kwathu nkhani imafika munthu asanamange nsapato. Bambo a mnzanga anali atasiya kale kukwera njinga yawo, ati yayamba kulemera. Ndinaikankhapo ndekha pa njira yosalala. Inkalemera munthu mmodzi ndi lichero.

Ndinapeza amama akutonola chimanga pabwalo, azakhali ali pambali.

"Bwera nacho," anatero amama, osandiyang'ana.

Azakhali anasuzumira n'kubwerera m'mbuyo. "Mlamu, chiponyeni pamoto. Tinameta, tinamugoneka. Manje uyu ali pa ulendo, ndiye tinametera chiyani? Mukachisunga, mwanayu sadzagona, inunso simudzagona."

Amama anapukuta manja pa chitenje nagwira chithunzicho m'mphepete. Nkhope ya mwana wawoyo kunalibenso kwina koionera, ndipo moto unali pomwepo. Anachiyang'ana nthawi yaitali, nkhuku zikudya chimanga m'dengu popanda wozipirikitsa.

"Akupita kuti?" anandifunsa.

Ndinayamba za kachitsulo, za mtsinje, za filimu.

"Sindinafunse za kabokosi kako. Njingayi yaloza kuti?"

Ndinachiyang'ananso. Gudumu lakutsogolo linali kumanja. Ndinati, "Amama, zitengera khoma limene mwachipachika."

Anaimirira n'kulowa m'nyumba, ife tikutsatira. Anachiika pa khoma lina, gudumu linaloza pakhomo. Anapukusa mutu. Anachiika pa khoma loyang'anana nalo, gudumu linaloza mkati, pakona pamene panali mphasa ija. Anachibaya ndi munga pamenepo.

"Ngati ali pa ulendo, azifika," anatero.

Tsiku limenelo mbale yowonjezera sinabwezedwe. Ndinadyeramo ine, amama atandikankhira, ndipo sindinamve kukoma kwa kanthu.

Nyumba ija itagwa, adada anamanga ina, ndipo khomo anaika potsatira chithunzi. Amama atamwalira chinabwera kwa ine. Womanga nyumba yanga ino anagumula khomo lomwe anali atamaliza, akung'ung'udza, chifukwa njinga inkaloza panja.

Manje chithunzicho chafuwa. Nkhokwe yazimiririka, njinga yatsala chimango, koma mlongo wanga akunka nawala chaka ndi chaka. Mmawa wina ndikamasesa ndimapeza kamzere kopyapyala pafumbi la pakhomo, kolowa mkati. Ana anga amati ndi bongololo. N'kutheka. Koma bongololo akalowa amatulukanso, ndipo kamzere kotuluka sindinakaonepo.